Kuyenda Nokha ku Nyanja ndi Mapiri a ku Switzerland Alendo Atachepa

Ikamayandikira miyezi ya Epulo ndi Okutobala, anzathu amene akuphunzira kapena kugwira ntchito ku Britain ndi mayiko ena a ku Ulaya, komanso amene abwera ku msonkhano ku Geneva ndipo atsala ndi masiku angapo asanabwerere kumudzi, amandifunsa funso limodzimodzi: kodi munthu angapite yekha kukaona nyanja ndi mapiri a Alps pa nyengo imene alendo achepa ndipo mitengo ya malo ogona yatsika? Angapite ndithu, ndipo adzaona malo amene ena amawaona ali pamzere iye ali phee. Koma zithunzi zimene zakukopani zinajambulidwa mu Julayi kapena mu Febuluwale, pamene phiri limene mudzalipeze mu Novembala ndi lina. Ndalemba malangizowa potengera dera la Bernese Oberland, kuzungulira tauni ya Interlaken, ndipo mbali imene ndikufuna muiwerenge mofatsa kwambiri ndi yachisanu.

1. Dziwani kuti nyengoyi ili pawiri

Eni dziko amaitchula Zwischensaison, kutanthauza nyengo ya pakati. Yoyamba imayamba chakumapeto kwa Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Disembala, oyenda pansi m'mapiri atapita koma amasewera otsetsereka pa chipale chofewa asanafike. Yachiwiri imayamba Isitala ikadutsa mpaka chakumapeto kwa Meyi. Nyengo ziwirizi sizifanana. Mu Novembala mpweya umakhala woyera ndipo mapiri amaoneka patali, koma tsiku ndi lalifupi, ndipo njira zimene sizimawombedwa ndi dzuwa zimakhala ndi madzi oundana. Mu Epulo ndi Meyi masiku amatalika, m'zigwa mumaphuka maluwa, mathithi amadzaza chifukwa chipale chikusungunuka, koma pamwamba pa mamita 1,800 kapena 2,000 nthawi zambiri chipale cha m'nyengo yozizira chimakhala chisanachoke, ndipo nyanja za pamwamba zikhoza kukhala zidakali zoundana gwa.

Ngati cholinga chanu ndi kuona nyanja ya pamwamba pa phiri madzi ake akuoneka obiriwira, sankhani theka loyamba la Okutobala. Ngati mukufuna mathithi ndi zigwa, sankhani Meyi. Novembala ndi wa munthu amene angasangalale ndi nyanja zikuluzikulu za m'munsi ndi kuona mapiri ali pa malo otetezeka.

2. Mapepala, inshuwaransi ndi foni

Switzerland sili mu European Union koma lili m'dera la Schengen kuyambira mu 2008. Okhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, ndipo chilolezo chokhalira ku Britain sichilowa m'malo mwake. Pofunsira vizayo pamafunika inshuwaransi ya paulendo yosachepera mayuro 30,000. Musangogula yotchipa kuti pepala likwane. Werengani ngati imalipira kufufuza ndi kupulumutsa munthu m'mapiri, chifukwa helikopita ikadzakutengani ndalama zake zimalipiridwa, ndipo si zochepa.

Ndalama ya kumeneko ndi franc. Funsaninso kampani ya foni yanu ngati bandulo yanu ya ku Ulaya imagwira ntchito ku Switzerland, popeza zambiri siziwerengera dzikoli. Mapulagi a mano atatu amene timagwiritsa ntchito ku Malawi ndi ku Britain salowa m'masoketi a kumeneko, choncho tengani adaputa.

3. Gonani m'tauni ya m'munsi

Ambiri amalakalaka kugona ku Mürren kapena ku Wengen, midzi ya pamwamba imene simuyenda magalimoto. Mu nyengo ya pakati mahotela ndi malo odyera ambiri a kumeneko amatseka, ndipo pachitseko mudzapeza mawu akuti Betriebsferien, kutanthauza kuti onse ogwira ntchito ali patchuthi. Mawu akuti Ruhetag amanena za tsiku lopuma la sabata iliyonse. Munthu amene ali yekha m'mudzi wotseka, mdima utagwa 5 koloko isanakwane, amakhala ndi usiku wautali wopanda wolankhula naye, ndipo zimenezi zimafooketsa kuposa kuzizira.

Ine ndimalangiza Interlaken, Spiez kapena Thun. Interlaken ili pakati pa nyanja ziwiri, Thun kumadzulo ndi Brienz kummawa, zolumikizidwa ndi mtsinje wa Aare, ndipo kuchokera ku Bern sitima imatenga nthawi yosakwana ola limodzi. Ili ndi masiteshoni awiri, Interlaken West ndi Interlaken Ost, ndipo sitima zopita ku Lauterbrunnen ndi ku Grindelwald zimanyamukira pa Ost. Sitimayi imagawikana pa siteshoni ya Zweilütschinen, mbali ina kulowera ku Lauterbrunnen, ina ku Grindelwald, ndiye onani dzina lolembedwa pa bogi musanakhale pansi. Pa malo ogona funsani khadi la alendo, limene limakulolani kukwera mabasi a m'tauni mosalipira. Masitolo ambiri amatseka Lamlungu, motero chakudya cha paulendo mugule Loweruka ku Coop kapena ku Migros.

4. Fufuzani zimene zikuyenda musanagule tikiti iliyonse

Sitima zikuluzikulu ndi mabasi achikasu a PostAuto zimayenda chaka chonse, ndipo nthawi zake mudzazipeza pa pulogalamu ya pafoni ya SBB, kampani ya sitima za pamtunda ya dzikolo. Zimene zimaima ndi zokwerera kumapiri. Ngolo zoyenda pa chingwe, zimene amazitchula Gondelbahn kapena Luftseilbahn, zimatsekedwa kwa masabata angapo kuti zikonzedwe, ndipo mawu amene muyenera kuwayang'ana ndi Revision. Kampani iliyonse ili ndi masiku akeake ndipo amasintha chaka ndi chaka, choncho onani pa tsamba la kampaniyo lenilenilo, ndipo musadalire zimene wina analemba chaka chatha.

Zina zimayenda m'nyengo yotentha yokha. Sitima yoyendera nthunzi ya ku Brienzer Rothorn ndi sitima ya ku Schynige Platte zimaima mu Okutobala, n'kudzayambanso nyengo yotentha ikayandikira. Sitima za pamadzi za pa nyanja za Brienz ndi Thun nazonso zimachepetsedwa kwambiri kapena kuima kumene m'nyengo yozizira. Sitima ya ku Jungfraujoch, imene inatsegulidwa mu 1912 ndipo imafika pa mamita 3,454, siteshoni yokwera kuposa zonse ku Ulaya, imayenda chaka chonse.

Pa chifukwa chimenechi musathamangire kugula tikiti yaikulu ya masiku angapo monga Swiss Travel Pass kapena Berner Oberland Pass musanalembe mndandanda wa zimene zidzakhale zotsegula pa masiku anu. Theka la zokwerera likakhala lotseka, kawirikawiri khadi lochotsera theka la mtengo, la mwezi umodzi, lotchedwa Half Fare Card, ndilo limapulumutsa ndalama. Tikiti ya ku Jungfraujoch kuchokera ku Interlaken, kupita ndi kubwerera, imaposa mafranc 200 popanda kuchotsera, ndiye muigule m'mawa wa tsiku lomwelo mutaona pa kamera za pa intaneti kuti kumwambako kulibe mitambo.

5. Chisankho cha m'mawa uliwonse

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha. Amakuuzani malo okongola, koma sakuphunzitsani kudziwa ngati lero, pa tsiku lenilenili, malowo ndi oti munthu mmodzi angapiteko. M'nyengo yotentha njira zimakhala zodzaza ndi anthu, nyumba zogulitsa chakudya za m'mapiri zimakhala zotsegula, ndipo mukaterereka wina adzakuonani pasanapite mphindi zambiri. Mu nyengo ya pakati ng'ombe zinatsitsidwa kale mu Seputembala, makhumbi a abusa ndi otseka, ndipo mukhoza kuyenda maola awiri osakumana ndi munthu. Ntchito imene khamu la anthu likanakuchitirani muyenera kuichita nokha, m'mawa uliwonse, musanavale nsapato. Pali mafunso asanu.

Loyamba: malo okwera kwambiri a ulendo wanga ali pa mamita angati, ndipo chipale chikuyambira pati? Pa pulogalamu ya zanyengo ya MeteoSwiss yang'anani mawu awiri. Nullgradgrenze ndi msinkhu umene kuzizira kumafika pa madigiri 0, ndipo Schneefallgrenze ndi msinkhu umene mvula imasanduka chipale. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Interlaken ili pa mamita osakwana 600, pamene nyanja ya Bachalpsee ili pa mamita 2,265. Mukadzuka ku Interlaken kuli madigiri 8 ndi mvula yowaza, dziwani kuti ku Bachalpsee kukugwa chipale. Amene anakwerapo Sapitwa pa Mulanje, pa mamita 3,002, amaganiza kuti mamita 2,000 ndi nkhani yaing'ono, koma Alps ali kutali kwambiri ndi equator, ndipo msinkhu umenewu mu Novembala uli kale m'nyengo yozizira yeniyeni.

Lachiwiri: njirayo yayang'ana kuti? Ku Ulaya dzuwa limadutsa chakummwera, mosiyana ndi mmene timalionera kwathu mu Juni ndi Julayi. Mtsetse woyang'ana kummwera umauma msanga, pamene woyang'ana kumpoto ukhoza kukhala mumthunzi tsiku lonse, ndipo chipale chimene chinagwa sabata yatha chimaumbika n'kukhala ngati galasi. Njira ziwiri zokhala pa msinkhu wofanana zikhoza kusiyana kotheratu. Mapu a swisstopo, amene ndi aulere pafoni, amasonyeza zimenezi bwino mukaphunzira kuwerenga mizere ya msinkhu, ndipo amasonyezanso njira zimene zatsekedwa.

Lachitatu: njirayo ndi ya mtundu wanji? Zikwangwani zachikasu zopanda mtundu wina kunsonga ndi za Wanderweg, njira wamba. Zokhala ndi mizere yoyera, yofiira, yoyera ndi za Bergwanderweg, njira ya m'phiri imene ikhoza kukhala yopapatiza, yotsetsereka ndi ya m'mphepete mwa phompho. Mizere yoyera, ya buluu, yoyera ndi ya Alpinwanderweg, ya odziwa kukwera miyala. Zikwangwani za pinki ndi za Winterwanderweg, njira zimene zimakonzedwa ndi kuyang'aniridwa m'nyengo ya chipale, koma zimenezi zimayamba nyengo ya masewera ikatsegulidwa. Mfundo imene ambiri saidziwa ndi yakuti mitundu yachikasu ndi yofiira imafotokoza njira pamene palibe chipale. Palibe amene amakuchotserani chipale pa njira zimenezi, ndipo chikwangwani chimaimabe pamalo pake ngakhale njirayo itasanduka yoopsa. Lamulo langa kwa woyenda yekha mu nyengo ya pakati ndi lakuti akhale pa njira zachikasu, ndipo ayende pa zofiira pokhapokha zili zouma kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukaona mawu akuti Gesperrt, njirayo ndi yotsekedwa, ngakhale mapazi a anthu ena akuoneka kupitirira pamenepo.

Lachinayi: kodi pamwamba pa njira yanga pali chipale? Chigumukire cha chipale, chimene amachitchula Lawine, chimatha kupeza munthu amene akuyenda pa nthaka youma ngati mtsetse wa pamwamba pake wasenza chipale. Bungwe la SLF la ku Davos limatulutsa chenjezo la zigumukire pogwiritsa ntchito manambala kuyambira 1 mpaka 5, ndipo mungaliwerenge pa pulogalamu ya White Risk. Musapusitsidwe ndi nambala 3 poganiza kuti ili pakatikati, chifukwa pa mlingo umenewu ndi pamene pamachitika ngozi zambiri zopha anthu. Mu Epulo ndi Meyi ngozi imakula dzuwa likatentha, kuyambira masana, ndiye nyamukani m'mamawa ndipo mubwerere msanga. Chenjerani ndi chigamba cha chipale chakale chimene chaphimba njira pa kakhwawa. M'mawa chimakhala cholimba moti mukaterereka simungaime, ndipo masana chimafewa pamene pansi pake madzi akumba mphanga. Chikhoza kukhala cha mamita khumi okha, njira youma ikuoneka tsidya linalo, ndipo ndi pamalo ngati amenewa pamene anthu amavulala. Bwererani.

Lachisanu: nditembenuka nthawi yanji? Mawotchi a ku Switzerland amabwezedwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo pakati pa Novembala dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. M'chigwa chakuya ngati cha Lauterbrunnen limabisika kuseri kwa matanthwe kale kwambiri nthawiyi isanafike. Werengani chobwerera m'mbuyo. Yambani ndi nthawi ya kulowa kwa dzuwa kapena ya ngolo yomaliza kutsika, chimene chayambirira pa ziwirizo. Chotsanipo ola limodzi la padera, kenako chotsanipo nthawi yobwerera. Nthawi zolembedwa pa zikwangwani siziwerengera kupuma, kudya kapena kujambula, ndipo pa njira yonyowa muziwonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Nthawi imene yatsalayo ndiyo yotembenukira. Ilembeni papepala, ikani alamu pafoni, ndipo ikalira mutembenuke ngakhale nyanja itatsala pang'ono kuonekera. Kuphonya ngolo yomaliza pa siteshoni ya pamwamba yotchedwa First, pa mamita 2,168, kumatanthauza kutsika wapansi mamita oposa 1,100 kukafika ku Grindelwald mumdima.

Pali chinthu chinanso chimene chimachitika mu Novembala, ndipo ichi ndi chokomera inu. Nthawi zambiri m'munsi mumaphimbidwa ndi nkhungu yokhuthala yotchedwa Hochnebel, moti mukayang'ana pawindo mumaganiza kuti tsiku lawonongeka, chonsecho pamwamba pake kuli dzuwa ndipo nthawi zina kukutentha kuposa m'tauni. Olosera zanyengo amatchula msinkhu umene nkhunguyo ikuthera, Nebelobergrenze. Akanena kuti ikuthera pa mamita 1,000, pezani chokwerera chimene chikuyenda n'kupita pamwamba pake, monga Harder Kulm pa mamita 1,322 pamwamba pa Interlaken, kapena Niederhorn pamwamba pa Beatenberg, ndipo mudzaona mapiri a Eiger, Mönch ndi Jungfrau ataima pamwamba pa nkhunguyo. Mukamva za Föhn, imeneyo ndi mphepo yofunda yamphamvu yochokera kummwera, imene imatha kuimitsa ngolo za pa chingwe mwadzidzidzi, ndipo tsiku limenelo si lodalira ngolo kuti ikutsitseni.

6. Khalani ndi maulendo atatu okonzeka, musankhe limodzi m'mawa

Ulendo wa tsiku labwino ukhale wa ku Oeschinensee, nyanja imene ili pa mamita 1,578 pamwamba pa Kandersteg, pansi pa matanthwe a Blüemlisalp, m'dera limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Ngolo ikakhala pa Revision mungakwere wapansi kuchokera m'mudzi, mamita pafupifupi 400, ndipo mudzipatse ola limodzi ndi theka. Funsani ku ofesi ya alendo ya ku Kandersteg ngati njirayo ndi yotsegula. Njira ya pamwamba yodutsa ku Heuberg, kumene zithunzi zotchuka zimajambulidwira, ndi yofiira ndipo imadutsa m'mphepete mwa phompho, choncho muisiye kukakhala chipale kapena madzi oundana ngakhale ochepa. Musaponde pa nyanja youndana pokhapokha eni malo atalengeza kuti yatsegulidwa, ndipo musasambiremo, chifukwa madzi ozizira chonchi amamanga mpweya ndi minofu m'kanthawi kochepa ngakhale kwa katswiri wosambira.

Ulendo wa tsiku la pakatikati ukhale wochokera ku Grütschalp kupita ku Mürren, woyenda pafupi ndi njanji, wosakwera kwambiri, mapiri atatu aja ali patsogolo panu, kapena wa m'chigwa kuchokera ku Lauterbrunnen kupita ku Stechelberg, kudutsa pansi pa mathithi a Staubbach amene amagwa mamita pafupifupi 300, n'kubwerera pa basi. Tsiku la mvula likhale la m'mbali mwa nyanja ya Thun, ku Spiez, ku Oberhofen ndi ku Thun komweko, kumene kuli nyumba zakale zachifumu ndi njira za m'mphepete mwa madzi, kapena ku Iseltwald pa nyanja ya Brienz, imene madzi ake amakhala obiriwira chifukwa cha fumbi la miyala limene limachokera ku madzi oundana a m'mapiri. Pa masiteshoni ang'onoang'ono mukaona mawu akuti Halt auf Verlangen, sitima imaima pokhapokha mwadina batani.

7. Zovala ndi katundu

Valani zovala zitatu zosanjikiza: cha mkati chosasunga thukuta, cha pakati chofunda, ndi jekete losalowa mphepo ndi mvula. Zovala za thonje ndi jinzi zikanyowa siziuma ndipo zimakuchotsani kutentha m'thupi. Nsapato zikhale zogwira pansi bwino ndi zofika m'kakolo. Mu chikwama mukhale magolovesi, chipewa, magalasi a dzuwa, tochi ya pamutu, botolo la tiyi wotentha, chakudya choposa chimene mukuganiza kuti mudya, ndi batire la padera, popeza kuzizira kumamaliza moto wa foni mwamsanga, ndipo foniyo muisunge m'thumba la mkati pafupi ndi thupi. Timaunyolo ta minga tovala kunsi kwa nsapato timathandiza pa njira yathyathyathya imene yaundana, koma si chilolezo chopitira pa mtsetse. Madzi a pa mipopi ya m'midzi ndi abwino kumwa kupatula pamene palembedwa kuti Kein Trinkwasser, kutanthauza kuti si madzi akumwa, koma ya m'mapiri yambiri imakhala itatsekedwa pa nyengoyi.

8. Wina adziwe kumene muli

Musananyamuke, uzani wolandira alendo pa malo anu ogona, komanso m'bale kapena mnzanu mmodzi, dzina la njira, pamene mukuyambira, pamene mukathere, ndi nthawi imene ayambe kukufunafunani mukapanda kumveka. Mukasintha ulendo m'njira, tumizani uthenga nthawi yomweyo. Kumbutsani achibale a kumudzi kuti kuyambira kumapeto kwa Okutobala nthawi ya ku Switzerland imatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Malawi, pamene mu Epulo ndi Meyi imafanana. Anthu amene mwakumana nawo m'njira apatseni moni wa ku Bern wakuti Grüessech, ndipo amene akutsika afunseni mmene kutsogolo kulili, chifukwa iwo aona ndi maso zimene pulogalamu ya pafoni siingakuuzeni.

Nambala ya ngozi ndi 112, ya ambulansi ndi 144, ndipo ya Rega, bungwe lopulumutsa anthu pa helikopita, ndi 1414. Ngati foni yanu ili ndi SIM ya dziko lina, kapena amene akuimba ndi m'bale wanu ali ku Lilongwe kapena ku Leeds, nambala ya Rega ndi +41 333 333 333. Ikaninso pulogalamu ya Rega pafoni musananyamuke, chifukwa mukaimba kudzera mmenemo imatumiza yokha malo amene muli. Mukavulala kapena kusochera, valani zovala zonse zimene muli nazo, khalani pa chikwama m'malo mokhala pa nthaka yozizira, musachoke pa njira pofuna kudulira, ndipo imbani kudakali kowala, batire lisanathe.